Jenala yolonjeza kusindikiza m'masiku 5, ithaweni

Ikangotha nyengo ya madizeteshoni, pakhomo la ofesi yanga pamamveka funso lomwe lija: "Madamu, nditumize dizeteshoni yonseyi ku jenala yathu ya ophunzira?" Ayi, ndipo ndatopa nako kuyankha. Masamba 60 aja munalembera okuyesani mayeso. Nkhani ya mu jenala mukulembera munthu wosakudziwani, wokhala ndi zina zochita. Tengani funso limodzi, njira imene munatsata, zimene munapeza, basi. Chaputala chachiwiri chija, chofotokoza zimene ena analemba kale, chisatenge malo oposa ndime zitatu.

Ena amaganiza kuti poti yunivesite yathu ndi ya Katolika, ndiye timangofuna za Ukaristia ndi mbiri ya amishonale. Za nandolo timalandira, za banki m'khonde timalandira. Chimene sitilekerera ndi kufunsa anthu mafunso popanda chilolezo. Ngati munacheza ndi ana, odwala kapena amayi ochitidwa nkhanza musanadutse ku komiti yoteteza anthu ochitidwa kafukufuku, ine ndilibe chochita. Kaya ndi komiti ya pasukulu, kaya NCRSH ya ku National Commission for Science and Technology, kaya COMREC ya za umoyo, chilolezo chimapemphedwa musanatuluke ndi mafunso, osati mutabwerako.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi mtsikana wina. Analemba bwino kwambiri za momwe amayi a m'miphakati amabwerekerana ndalama. Tinatumiza nkhaniyo kwa akatswiri awiri ounika, dzina lake titalibisa. Patatha miyezi iwiri ndemanga zinabwera, masamba atatu, zofiira zokhazokha. Kwa ife zimenezo ndi chizindikiro chakuti ounika aiwerenga ndi mtima wonse. Iye anaona ngati tamukana, ndipo sanaonekenso.

Kenaka inamufika imelo ya jenala ina yomutcha pulofesa, mwana amene gauni anali asanavale n'komwe, yolonjeza kusindikiza m'masiku 5 akangolipira madola. Amayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri. Nkhani inatuluka ndi zolakwika zake zonse, ngakhale tebulo lija limene manambala ake sankagwirizana. Anabwera patatha chaka, akufuna sikolashipu ya masitala, kudzapempha kuti tiikonze tiisindikize ife. Sizikanatheka. Nkhani yotuluka kale siitulukanso kwina. Mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti bwanji sindinamuimbire foni tsiku limene ndemanga zinafika.

Asing'anga a pa intanetiwa, eni majenala achinyengo, sanayambe dzulo. Jeffrey Beall, wa laibulale ku University of Colorado Denver, ankasonkhanitsa mayina awo mpaka mndandanda wake unachotsedwa mu Januwale 2017. Mu 2013 mtolankhani John Bohannon anatumiza dala nkhani yabodza ya mankhwala a khansa ku majenala 304, ndipo 157 anailandira. Majenala ena enieni amalipiritsa, inde, koma palibe katswiri amene angaunike ntchito yanu pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Musanatulutse ngakhale tambala, funsani supavaiza wanu, muyang'anenso ngati dzina la jenalayo lili pa mindandanda ya majenala ounikidwa ya pa intaneti, monga DOAJ kapena African Journals Online.

Ndipo musati "ndilemba ndikatha graduweshoni". Mukachoka pano supavaiza amakhala ndi gulu lina, fulashi ya data yanu imagwidwa vairasi, inu muli kalikiliki kusaka ntchito ku Limbe. Ndemanga zikabwera, yankhani imodziimodzi sabata yomweyo, ndipo imene simukugwirizana nayo lembani chifukwa chake.