Musanagule RAM ina, werengani bwino zimene lamulo la free likunena

Kawirikawiri anthu amabwera kumalo kwanga kogwirira ntchito kuno ku Harare atanyamula laputopu ya Linux, akudandaula kuti RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo) yatha ndipo akufuna ndiwaikire ina. Ndisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, ndimatsegula terminal, pomwe timalembapo malamulo ouza kompyuta chochita, n'kulemba free -h. Lamulo limeneli limawerenga fayilo ya /proc/meminfo, momwe kernel, mtima wa Linux umene umagawa RAM ku mapulogalamu, imaonetsa mmene RAM ikugwiritsidwira ntchito, ndipo -h imachititsa kuti ziwerengero zituluke mu Mi ndi Gi (miyezo yofananako ndi MB ndi GB) zosavuta kuwerenga.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi gawo lolembedwa kuti free. Pa kompyuta ya 8 GB mukhoza kupezapo 300Mi yokha, mtima n'kudumpha. Komatu Linux siilola RAM kungokhala. Imasungamo mafayilo amene mwawatsegula posachedwapa, kuti mukawafunanso isavutike kukawatenga pa disiki, yomwe imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Malo amenewa ndiwo amaoneka pansi pa buff/cache, ndipo pulogalamu ikawafuna, kernel imamasula ambiri a iwo nthawi yomweyo. Choncho gawo loyenera kuliyang'ana ndi available, lomwe limayerekeza RAM imene mapulogalamu atsopano angapatsidwe popanda kugwera mu swap, malo a pa disiki othandizira RAM. Chiwerengerochi chinalowa mu kernel 3.14 m'chaka cha 2014, ndiye pa makina akale kwambiri simuchipeza.

Swap ndi malo a pa disiki amene kernel imakankhirako zinthu RAM ikachepa. Kupezeka kwa zinthu pang'ono mmenemo si vuto, pakuti mwina zinaikidwamo dzulo ndipo palibe wazifunanso. Kuti mudziwe ngati vuto lilipodi, lembani vmstat 2, lomwe limatulutsa mzere watsopano pa masekondi 2 aliwonse, ndipo muyang'ane magawo olembedwa kuti si (zobwerera mu RAM kuchokera ku swap) ndi so (zokankhidwira ku swap). Ngati ziwerengero zimenezi zikungokhala pamwamba pa 0 pamene kompyuta ikukakamira, ndiye kuti RAM yaperewera zoona.

Wodya RAM mumamupeza ndi lamulo la top: dinani Shift ndi M kuti mapulogalamu asanjidwe kuyambira wodya kwambiri, muwerenge gawo la RES, lomwe limaonetsa RAM imene pulogalamu ikugwiritsadi ntchito, osati la VIRT, chifukwa VIRT imawerengera ngakhale malo amene pulogalamu yangopempha koma sinawagwiritse ntchito. Nthawi zambiri pamwamba pamakhala Firefox kapena Chrome yokhala ndi masamba ambirimbiri otsegula. Pulogalamu ikamazima yokha mwadzidzidzi, lembani sudo dmesg mufufuze mawu akuti Out of memory. Mukawapeza, kernel ndiyo inaipha pofuna kupulumutsa makina onse, ndipo pamenepo ndimavomera kuti madola a RAM ina atuluke.