Digiri ya zaupandu ndi ndende siikusandutsani loya

Chaka chilichonse ndimafunsa ophunzira atsopano chimene chawabweretsa ku maphunziro a zaupandu, chilungamo ndi ndende, ndipo mayankho ake ndatopa nawo. Uyu akuti akufuna kukhala loya. Uyo akufuna azithamangitsa zigawenga ngati wapolisi wa m'mafilimu. Ndinene mosapsatira: digiri imeneyi siikupatsani mphamvu yoimira munthu pakhoti. Uloya uli ndi sukulu yake ndi chiphaso chake. Ngakhale kupolisi, nthawi zambiri mumakayambabe maphunziro awo a ntchito, digiri ili m'thumba.

Ife timaphunzitsa za ulendo wa munthu kuyambira tsiku limene wamangidwa mpaka atabwerera kwawo, pajatu akaidi ochuluka amadzatuluka ndithu. Mudzawerenga za Cesare Beccaria, katswiri wa malamulo wa ku Italy, amene kalekale mu 1764 ananena kuti munthu saleka kulakwa chifukwa cha kukula kwa chilango, koma akadziwa kuti agwidwa ndipo alangidwa msanga. Mudzasanthula malamulo 122 a kasungidwe ka akaidi amene bungwe la United Nations linavomereza mu 2015 n'kuwatcha dzina la Nelson Mandela. Malamulo amenewa amaletsa kutsekera mkaidi kwayekha masiku opitirira 15 otsatizana. Masamu nawo alipo, musanamizidwe. Popanda ziwerengero simungadziwe ngati ndende yanu ikukonza anthu kapena ikungowasunga.

Ndisanayambe uphunzitsi ndinagwirapo ntchito m'ndende, ndipo pali mnyamata wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anali pa rimandi, mlandu wake waung'ono, wakuba. Fayilo yake inasochera penapake pakati pa polisi ndi khoti. M'mawa ndi madzulo ndinkamuwerenga pamodzi ndi anzake, chiwerengero chikakwana ndinkati ntchito yatheka. Palibe anamumenya, palibe anamumana chakudya. Kungoti panalibe wofunsa kuti kodi mwanayu mlandu wake ulowa liti. Inenso sindinafunse, sindinkadziwa n'komwe kuti kufunsako ndi mbali ya ntchito yanga. Anakhala nthawi yaitali kuposa imene akanakhala woweruza akanamupeza wolakwa. Atatuluka anapeza malo ake a ntchito alowa wina, ndipo chisanathe chaka anabweranso, ulendo uno ndi mlandu wothyola nyumba. Luso lakelo analiphunzira m'manja mwathu momwemo. Padziko lonse akaidi amapitirira 11 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mlandu wake sunagamulidwe. Wophunzira wanga akamaliza, ndimafuna akhale munthu amene angatenge fayilo yotere n'kukagogoda pakhomo loyenera.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri masiku ano ndi akamberembere a pa intaneti. Amalengeza digiri ya zaupandu ya miyezi yochepa, yopanda mayeso enieni, bola mwatumiza ndalama. Ena amanena kuti zaka zimene mwagwira ntchito zikukwanira, angokusindikizirani satifiketi. Anthu amabwera nawo mapepalawa ku ofesi kwanga atakanidwa ntchito, ndalama zitapita, ndipo apo ine ndilibe chowathandiza. Ntchito za kukhoti, kupolisi ndi kundende zimafufuza mapepala mwakhama kuposa ntchito zina zambiri, ndipo kupereka satifiketi yachinyengo kukhoza kukuikani inuyo m'chitokosi.

Musadikire chaka chachitatu kuti mufunse. Musanalipire kalikonse, pitani ku bungwe lovomereza masukulu a ukachenjede m'dziko lanu mukaone ngati yunivesiteyo ili m'kaundula, komanso ngati maphunziro amenewowo ndi ovomerezeka, chifukwa ziwirizi si chimodzi. Funsaninso ngati ophunzira amatumizidwa kukhoti, kundende kapena ku ofesi yoyang'anira olakwa amene akugwira chilango ali kunja. Akakuyankhani kuti zonse zimathera pa kompyuta, ndalama zanuzo musatumize.