Chekechani ndi Puikani ndi mkazi mmodzi

Makolo athu ankati Mwezi ndi wamitala. Kummawa kuli Chekechani, nthanda ija imawala atambala akulira, amene amamumana chakudya mpaka Mwezi kuonda. Kumadzulo kuli Puikani, womuphikira bwino mpaka kunenepa. Nthanoyi ndimaikonda, ndipo ndikufuna ana aziimva. Koma ambirife tinakula tikuyesa kuti ndi nyenyezi ziwiri, pomwe ndi chinthu chimodzi, ndipo si nyenyezi n'komwe.

Ndi pulaneti yotchedwa Venus. Ilibe kuwala kwakekwake, mitambo yake yochindikala imangobweza kuwala kwa dzuwa. Poti njira yake ili pakati pa ife ndi dzuwa, siimatalikira dzuwalo. Imaoneka mbandakucha kwa miyezi yoposa 8, n'kubisala, kenako imatulukira madzulo kwa miyezi inanso yoposa 8. Ulendo wonsewu umatenga masiku pafupifupi 584.

Agiriki akale nawonso anaipatsa mayina awiri, Phosphoros ndi Hesperos. Aroma anaitcha dzina la mulungu wawo wamkazi wa chikondi, n'chifukwa chake okhulupirira nyenyezi amati imalamulira maukwati. Zoona zake, ku Venus kumatentha madigiri oposa 460, mpaka mtovu kusungunuka.

Dzionereni nokha. Miyezi imene Puikani akuwala dzuwa litangolowa, mukalawirira kumunda Chekechani simumupeza. Chikawala china kummawako, kawirikawiri ndi pulaneti ina yotchedwa Jupiter.