Crossmaglen Rangers, timu ya kumudzi imene asilikali anailanda bwalo

Crossmaglen ndi mudzi wa kum'mwera kwa chigawo cha Armagh ku Northern Ireland, pafupi kwenikweni ndi malire a Republic of Ireland. Anthu ake sakwana n'komwe 2,000. Komabe timu yawo ya mpira wa Gaelic, Crossmaglen Rangers, yatenga chikho cha matimu a m'midzi ndi m'matauni a chilumba chonse cha Ireland maulendo 6.

Mpirawu ndi wamtundu wina. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 15, ndipo amaugwira ndi manja komanso kuumenya ndi phazi. Ukalowa mu ukonde amawerenga mapointi 3, ukadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mizati italiitali ija amawerenganso pointi. Palibe amalipidwa. Bungwe loyendetsa mpirawu la GAA (Gaelic Athletic Association), lomwe linayamba mu 1884, linamanga masewerawa pa maziko a parishi: mwana amasewerera kwawo kumene anabadwira, ndipo timu singagule katswiri wa kwina. Choncho mudzi ukapambana, ndiye kuti apambana ndi ana a pamudzipo basi. A Crossmaglen anayambitsa timu yawo mu 1887.

Vuto linabwera mu 1971, nthawi ya chipwirikiti cha ku Northern Ireland. Asilikali a Britain anali ndi kampu moyandikana ndi bwalo la timuyi, St Oliver Plunkett Park, ndipo analanda gawo lina la malowo kuti akulitse kampu yawo. Kuyambira pamenepo anyamata ankachita masewera olimbitsa thupi m'mphepete mwa mpanda wa malata ndi nsanja ya alonda. Popeza misewu ya kum'mwera kwa Armagh inali yoopsa kwa asilikali, katundu ndi anthu awo ankabwera pa helikopita, ndipo ndegezo zinkatsika ndi kunyamuka pompo, phokoso lake lomiza wezulo ya woyimbira. Mpira ukauluka n'kugwera mkati mwa mpanda, kubwerako kwake kunali kwa mwayi.

Akuluakulu a timu sanatope kudandaula. Chaka ndi chaka nkhani ya bwalo la Crossmaglen inkafika ku msonkhano waukulu wa GAA, ndipo boma la Dublin linkaikambanso ndi boma la London. Chidani chinali cha mbali zonse, tinene zoona: GAA nayo inali ndi lamulo lake, lachi 21, loletsa asilikali ndi apolisi a Britain kulowa bungwelo, ndipo linachotsedwa mu 2001 mokha. Malo aja anabwezedwa mu 1999, patatha chaka chimodzi chisainireni mgwirizano wa mtendere wa Good Friday.

Chodabwitsa n'chakuti timuyi inayamba kuopsa mpanda uja usanachoke. Ana amene anakula akusewera pansi pa mahelikopita ndi omwe anatenga chikho cha Armagh mu 1996, n'kuchisunga zaka 13 zotsatizana mpaka 2008. Mphunzitsi wawo pa zaka zoyambirira anali Joe Kernan, mwana wa pamudzipo. Pa tsiku la St Patrick mu 1997 anagonjetsa Knockmore ya ku Mayo pa bwalo la Croke Park ku Dublin, n'kutenga chikho cha Ireland yense koyamba. Anachitenganso mu 1999 ndi mu 2000. Mu yunifomu yakuda ndi yachikasu ija munali Oisín McConville, wodziwa kuchinya nthawi itatha, mapasa John ndi Tony McEntee, ndi Francie Bellew, wotchinga kumbuyo amene adani ankamudziwa ndi mabala. Kernan atapatsidwa timu ya chigawo chonse cha Armagh, anyamata omwewa anamuthandiza kutenga chikho cha Sam Maguire, cha matimu a zigawo za Ireland yense, mu 2002, koyamba m'mbiri ya chigawocho.

Ena amati mavuto aja ndi amene anawaumba. Ine ndimakayika pang'ono, chifukwa midzi yambiri inazunzika osapambana kanthu. Chimene Crossmaglen inali nacho ndi mabanja ophunzitsa ana awo okha, mbadwo ndi mbadwo. Ana a Kernan anadzasewera mu timu yomweyo, ndipo Tony McEntee atasiya kusewera anakhala mphunzitsi.

Chikho chachinayi cha Ireland yense chinabwera ku Crossmaglen mu 2007, chaka chimene asilikali anasamukiratu m'mudzimo. Mu 2009 timu ya Pearse Óg inawadula ulamuliro wa ku Armagh, koma anadzukanso n'kutenga chikho cha Ireland yense mu 2011 ndi 2012. Timu yokhayo imene ili ndi zikho zambiri kuposa iwo ndi Nemo Rangers, ya mumzinda wa Cork.