Uthenga kwa odwala shuga: kumva bwino m'thupi si kuchira, bwerani mudzayezetse

Uthengawu ukupita kwa makolo athu, abale ndi alongo onse amene anapezeka ndi matenda a shuga m'chigawo chino cha Tete, makamaka a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize, pamodzi ndi achibale amene amawasamalira. Chatilembetsa ife ogwira ntchito kuchipatala n'chakuti mvula ikangogwa, mabenchi a kuchipatala amakhala opanda anthu pa tsiku loona odwala matenda okhalitsa, ndipo tikakumana ndi eni ake a makadi a kuchipatala pamsika wa Ulónguè n'kuwafunsa chimene chinawaletsa kubwera, yankho limakhala limodzimodzi: "Palibe chikundiwawa, shuga uja anatha." Masiku ano mawuwa akuyenda limodzi ndi mphekesera yakuti munthu akamwa madzi owiritsa masamba a nimu kapena ufa wa chammwamba kwa masabata angapo, shuga amatsukika m'magazi ndipo mapilitsi safunikanso. Tikunena mosapsatira kuti zimenezi si zoona, ndipo zikutitayitsa anthu amene akanakhala ndi moyo.

Matendawa amabwera pamene thupi silikupanga insulini yokwanira, kapena likulephera kugwiritsa ntchito bwino insulini imene likupanga, kotero kuti shuga wochokera m'zakudya amangozungulira m'magazi osalowa m'minofu. Zakumtundu, kunenepa kwa pamimba, kukula kwa msinkhu ndi kukhala osatakataka zimathandizira, koma izi munaziuzidwa kale tsiku limene munalandira kadi. Chimene ambiri sanachimvetse n'chakuti ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kufooka kumene kunakubweretsani kuchipatala ndi zizindikiro zakunja chabe. Mapilitsi a metformin kapena glibenclamide amaziziziritsa zimenezi m'masabata ochepa, munthu n'kubwerera kumunda ali wamphamvu, koma matendawo amakhala alipobe ndipo ntchito yawo yoipitsitsa amaigwira m'mitsempha ya magazi, kumene munthu samva kupweteka.

Mlimi aliyense amaidziwa nsichi ya nkhokwe imene chiswe chadya m'kati. Kunja imaoneka yabwinobwino, ndipo imathyoka tsiku limene mwathira chimanga. Shuga wochuluka amakanda khungu la m'kati mwa mtsempha, pokandikapo pamakakamira mafuta, njira ya magazi imachepa chaka ndi chaka, mpaka tsiku lina kachibulumwa ka magazi oundana n'kutsekapo. Mtsempha wotsekekawo ukakhala wa mtima, mbali ina ya mtima imafa; ukakhala wa bongo, munthu amafa ziwalo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu wodwala shuga ali pachiopsezo cha mavuto awiriwa kawiri kapena katatu kuposa amene alibe shuga. Kuno kwathu chiopsezocho chimakula chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timati tensão ndipo abale athu a ku Malawi amati BP. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa m'zaka za 2014 ndi 2015 anapeza kuti pafupifupi anthu 39 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli, ambiri a iwo osadziwa, ndiponso kuti odwala shuga anali atachuluka kuchoka pa anthu pafupifupi 3 mwa 100 mu 2005 kufika pa oposa 7. Shuga ndi tensão zikakumana mwa munthu mmodzi, mitsempha imawonongeka msanga, ndipo zonse ziwiri sizimveka m'thupi. Chozidziwira ndi makina okha.

Pali chinthu china chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri. Shuga amaphanso timitsempha tomvera, n'chifukwa chake ena a inu mumamva dzanzi kumapazi kapena mumaponda minga osazindikira. Zomwezo zimachitikira mtima, moti wodwala shuga akhoza kugwidwa ndi matenda a mtima osamva kuwawa kwa pachifuwa kumene anthu ena amamva. Tinalandirapo bambo wina wolima kachewere, wa zaka za m'ma 50, amene anabwera panjinga yamoto mwana wake atamugwira kumbuyo. Kwa masiku awiri ankangoti ali ndi chilungulira ndipo ankamwa madzi a soda, pamene akazi awo ankadabwa kuti munthu akutuluka bwanji thukuta m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni ku Angónia. M'thumba la malaya munali kadi yawo, yokulungidwa bwino m'kapulasitiki, yosanyowa ndi yosang'ambika, koma tsiku lobwerera lolembedwamo linali litapita miyezi isanu ndi itatu. Anasiya kubwera chifukwa ankamva bwino.

Tsono mukabwera pa tsiku lanu, sikuti mwadzangotenga mapilitsi. Timakuyezani kulemera, timamanga lamba pamkono, timabaya chala, ndipo tiyenera kukuvulitsani nsapato kuti tione mapazi. Tikaiwala mutikumbutse, ndi ufulu wanu. Lamba uja akamasonyeza 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, ndiye kuti magazi akuthamanga, ndipo kwa wodwala shuga timafuna atsike kufika cha m'ma 130/80. Shuga woyezedwa m'mawa musanadye timafuna akhale pakati pa 4 ndi 7 pa muyeso wa mmol/L. Impso, maso ndi mafuta a m'magazi ziyenera kuonedwa kamodzi pachaka, ndipo ngati chipatala chaching'ono cha kwanu chilibe zipangizo zake, pemphani kalata yopita nayo kuchipatala cha boma lanu kapena ku Hospital Provincial de Tete. Manambala amenewa ndi amene amatiuza ngati tiwonjezere mankhwala, tichepetse, kapena tiyambe ena oteteza mtima monga enalapril, amlodipine ndi otsitsa mafuta. Mlingo umene unakuyenerani chaka chatha ukhoza kukhala wochepa lero. N'chifukwa chake kutuma mdzukulu ndi kadi kuti akakutengereni mapilitsi, kapena kugawana mapilitsi ndi anansi, sikulowa m'malo mwa kubwera nokha, pakuti mkono woyezedwa uyenera kukhala wanu.

Ena amati anasiya chifukwa anamva kuti mankhwala a kuchipatala amaononga impso munthu akawamwa nthawi yaitali. Chimene chimaononga impso za odwala ambiri ndi shuga ndi tensão zosasamalidwa, ndipo enalapril amaperekedwa pofuna kuzitchinjiriza impsozo. N'zoona kuti metformin amafunika kuchepetsedwa impso zikafooka, ndiponso kuti mayi woyembekezera sayenera kumwa enalapril, koma zimenezi zikungotsimikiza kuti muyenera kumaonedwa, osati kuthawa. Za chammwamba sitikangana nanu, ndi ndiwo yabwino ndipo idyeni, koma sichichotsa shuga m'thupi ndipo sichitsegula mtsempha umene wachepa.

Za kadyedwe tingokumbutsa mwachidule. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo powerenga muphatikizepo caldo amene timathira pafupifupi m'ndiwo iliyonse, chifukwa mbali yaikulu ya kaphukusi kaja ndi mchere. Nsomba youma yamchere ya chicoa muziyamba mwaiviika ndi kutaya madzi ake musanaphike. Nsima ya mgaiwa yapang'ono ndi masamba ambiri iposa mitanda itatu ya ufa woyera, ndipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi thobwa lothira shuga zisiyeni. Fodya, ngakhale ambiri a ife ndiye amatipatsa ndalama, wodwala shuga asasute ngakhale ndudu imodzi, yogula kapena yopichira yekha. Kachasu ndi woopsa mwapadera kwa amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulini, chifukwa akhoza kugwetsa shuga munthu n'kukomoka, anzake n'kumati waledzera.

Achibale, mvetserani apa. Wodwala shuga akayamba kubanika popanda ntchito imene wagwira, kutuluka thukuta lozizira, kumva kulemera pachifuwa kapena ululu wopita kumkono, kunsagwada kapena kumsana, kusanza kapena kufooka kwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzi kukamwa kukapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukalefuka, kapena mawu akayamba kusamveka. Tikudziwa kuti m'midzi yambiri zikatere amati munthu wamenyedwa ndi hamala ya afiti, ndipo banja limayamba lasonkhana, kudikira amalume, kenako kupita kwa asing'anga, tsiku lachitatu ndiye kuchipatala. Maola amene akutha pokambiranawo ndi omwe mtima kapena bongo ukufa, ndipo chimene chafa sichibwerera. Itanani wazaumoyo wa m'mudzi mwanu (APE), pezani njinga yamoto kapena chapa (minibasi), zokambirana za pabanja zichitike wodwala ali kale pabedi la kuchipatala.

Madzulo ano tulutsani kadi yanu muone tsiku limene linalembedwa. Ngati linapita, kaya ndi sabata kaya ndi chaka, bwerani sabata ino ngakhale mukumva bwino ndipo munda ukufuna kupalira, ndipo musachite manyazi. Ngati munayamba kulandira chithandizo ku Dedza kapena ku Mwanza, tengani buku la kumeneko kuti tione zimene anakupatsani. Bwerani m'mawa musanadye, mutanyamula mapaketi onse a mankhwala ngakhale otha, zitsamba zimene mukumwa kuti tizione, ndi kachakudya kam'manja koti mudye mukangobayidwa chala. Amene mumamwa glibenclamide kapena kubaya insulini, mankhwala a m'mawa umenewo mudzamwe kapena kubaya mukayezedwa, nthawi yoti mudye, osati ponyamuka kunyumba ndi mimba yopanda kanthu.