Mawanga Oyererako Pakhungu Akakana Mankhwala, Bwererani Kuchipatala

Kuno ku Nkhotakota, munthu akaona mawanga oyererako pathupi amayamba waganiza za zipere kapena khate, ndipo nthawi zambiri amalondola. Koma ilipo nthenda ina yosowa imene imafanana nazo kwambiri, moti odwala ena amatha zaka akumwa ndi kudzola mankhwala a matenda amene alibe. Madokotala amaitchula kuti mycosis fungoides. Ndi khansa ya pakhungu yoyambira m'maselo oyera oteteza thupi. Mtundu wake wa mawanga oyererawu umapezeka kwambiri mwa ife akhungu lakuda, makamaka ana ndi achinyamata.

Mawangawo amakonda malo amene zovala zimaphimba: m'matako, m'ntchafu, kumsana ndi pamimba. Amakula pang'onopang'ono, ena amatuwa ngati pafundulidwa, ndipo kuyabwa kumakhalapo mwa ena okha. Chosiyanitsa chachikulu ndi khate n'chakuti banga la khate nthawi zambiri limachita dzanzi. Achipatala akakukhudzani ndi thonje pabangapo simumva. Pa nthenda iyi mumamva bwinobwino.

Maso okha sangaitsimikize. Dokotala amabaya jekeseni wochititsa dzanzi, n'kudula kachikopa kakang'ono kuti akakaunike kulabu. Poyambirira zotsatira zimatha kusaonetsa bwino, choncho akakuuzani kuti adulenso kachiwiri, musakhumudwe. Ndi mmene nthendayi imapezekera. Yambirani kuchipatala chakwanu kapena chachikulu chapaboma, ndipo pakafunika akutumizani ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi machubu onse amene mwadzolapo. Apa tikupempha ndithu: lekani mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu amene amabisa nthenda, kupima n'kuvuta.

Mawu akuti khansa amaopsa, komatu mtundu uwu umayenda pang'onopang'ono ndipo ambiri amakhala nawo moyo wautali. Thandizo lake ndi mankhwala odzola olembedwa ndi dokotala, kapena kuunika khungu ndi kuwala kwa makina kotchedwa UVB. Khungu likayamba kubwerera mtundu wake, ndiye kuti thandizo likugwira. Mawanga amatha kubwereranso, choncho musaphonye masiku a sikelo ya khungu, ndipo mukaona chotupa, chilonda kapena mwanabele, pitani msanga.

Nthendayi siyopatsirana. Mwana apite kusukulu, adye mbale imodzi ndi anzake, musamupatule pogona.