Kuchepetsa sitepe si mankhwala a matenda onse

Chaka chilichonse wophunzira wina amandibweretsera ntchito yake ya masamu owerengera pa kompyuta, ndikamufunsa kuti yankholo laphonya ndi zingati, amati: "Aphunzitsi, sitepe ndinaichepetsa kwambiri." Mawu amenewa ndatopa nawo.

Kompyuta ikamawerengera differential equation, masamu osonyeza mmene chinthu chikusinthira, imayenda sitepe ndi sitepe. Sitepe ikakula, mumadumpha pokhota n'kuphonya njira. Izi aliyense amazidziwa. Chimene amaiwala n'chakuti pa sitepe iliyonse makina amadula mchira wa nambala kuti ikwane pamalo ake. Mukachepetsa sitepe kakhumi, masitepe amachuluka kakhumi, kudulako nakonso kumachuluka. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya ENIAC, makina owerengera masamu a ku University of Pennsylvania amene anaonetsedwa kwa anthu mu 1946. Anawapanga kuti aziwerengera njira ya zipolopolo za mizinga ya asilikali a ku America, ndipo nambala iliyonse ankaisunga m'madijiti 10. Katswiri wa masamu Hans Rademacher anaganiza zomveka ndithu: timichira todulidwato timagwa mwamwayi, kena kukweza nambala, kena kuitsitsa, ndiye timafafanizana. Zikatero, pa masitepe 10,000 cholakwa chimakula pafupifupi ka 100, osati ka 10,000.

Katswiri wina wa masamu, Harry Huskey, anayesa maganizowa pa ENIAC ndi sine ndi cosine, masamu amene yankho lake linali lodziwika kale. Zimene anafalitsa mu 1949 zinaonetsa kuti m'malo ena timichirato tinkapendekera mbali imodzi masitepe ambiri otsatizana, cholakwa n'kukula kuposa mmene ankayembekezera. Douglas Hartree, katswiri wa masamu wa ku England, ndiye analongosola chifukwa chake: kudula kwa sitepe ino kumadalira nambala zimene yasiya sitepe yapitayo, palibe zamwayi apa. Tangoganizani, anthuwa anagwira vutoli chifukwa yankho loona anali nalo m'manja. Nanga akanakhala kuti alibe?

Makompyuta a lero amasunga madijiti pafupifupi 16, choncho vutoli limachedwa kuoneka, koma silinathe. Ndiye samalani ndi akatswiri a m'thumba amene amakupatsani chithunzi chokongola cha mmene madzi adzasefukire kapena mmene matenda adzafalikire, n'kukuuzani kuti "yatero ndi kompyuta". Afunseni ngati anabwereza ntchitoyo ndi sitepe ina, ndiponso ngati pulogalamu yawo anaiyesapo pa funso lodziwika yankho. Akayamba kukanda mutu, musalipire, ndipo musadikire kuti mlatho umangidwe kaye.